Amatenga Kalongonda wa Amayi Ndani?

Rosettenville, Joni
9 Malichi 2025

Amake Hannah,

Ndiyambe ndi kumva za inu ndi mwanayo. Chifuwa chija chinamusiya? Nanga amayi ku Ndunde miyendo ili bwanji? Ine kuno ndilipo, kungoti mphuno yauma ndi fumbi la matailosi amene timatsitsa m'malole tsiku lonse.

Musadabwe kuti ndalemba papepala ngati munthu wakalekale. Foni yanu mumakatchajitsa pa Njuli, ndipo mawu amene ndinatumiza mwezi watha ndamva kuti anamveredwa ndi msika wonse. Nkhani ya achimwene a Gregorio sindifuna izikambidwa ndi akabaza. Makalatawa azibwera ndi a Geoffrey onyamula katundu aja, inunso muziyankha kudzera kwa iwo.

Mukudziwa kale, koma ndilembe kuti mutu wanga ukhale m'malo. Achimwene anasiya kuyankhula nafe mu Ogasiti 2022. Nambala yawo imalowa mpaka lero, woyankha palibe. Chaka chilichonse amayi akakolola amamanga phukusi la nyemba za kalongonda n'kupatsa a Geoffrey, ndipo phukusilo limatengedwa. Ndawapanikiza a Geoffrey. Akuti akafika kuno amatumiza uthenga pa nambala ija, mawa lake kumabwera munthu wa njinga yamoto, chaka chilichonse wina, ndipo chimene amanena n'chakuti katunduyo akupita ku Rosettenville, basi. N'chifukwa chake ndapeza kachipinda konkuno. Paja amayi anandigwira dzanja tsiku lonyamuka lija n'kuti munthu wakufa satenga kalongonda, kamupeze mkulu wako.

Achimwene mumawadziwa, mimba patsogolo. Ngati ali kuno, pali malo amene amadyako, ndipo wophika pamalopo sangawaiwale. Ndiye Lamulungu lililonse ndikatuluka Misa ndizilowa malo odyera amodzi amodzi, chithunzi chawo chili m'thumba.

Lero ndayamba ndi chinthu china amati kota. Amadula buledi, kukumba m'kati, kupakiramo tchipisi, poloni ndi mango othira tsabola, kenako n'kutseka ndi chimene anakumba chija. Fote randi. Koma inu, munthu wamkulu ndi ndevu zake kudya zimenezi ataima pamsewu! Ndamaliza ndithu, ndisaname. Wogulitsayo chithunzi anangochiyang'ana ndi diso limodzi n'kuti Amalawi onse amafanana.

Nandolo wa kuseri kwa nyumba mupalirenso kamodzi. Mbuzi yaikazi ija musagulitse, ngakhale akunyengerereni bwanji.

Ndine wanu,
Limbikani


13 Epulo 2025

Amake Hannah,

Kalata yanu ndaiwerenga katatu. Ndakondwa kuti mwanayo wayambanso sukulu. Ine mwendo unapsinjika pang'ono kuntchito koma ndikuyenda, musaike kumtima.

Munandiseka kuti ndinabwera ku Joni kudzadya. Sekani, koma dera lino ndi dziko lonse lapansi mumsewu umodzi. Kwa Akongo ndinadya chigwada chosinja chothira mafuta ofiira ndi nsomba youma, chokoma mpaka ndinachita manyazi. Kwa anthu a ku Ethiopia anandipatsa chikondamoyo chopyapyala chowawasa, ine kumayesa nsalu yoyalira m'mbale, kumadikira chakudya chenicheni mpaka mwini wake anandimvera chisoni. Pakona pali amayi ogulitsa mitu ya nkhosa yophika, mano onse pamtunda. Iwo akuti ikumwetulira. Ine ndinalephera kuiyang'ana nthawi yaitali.

Kwa Akongo kuja ndinakhala m'chimbudzi ola lathunthu chifukwa panja panaima galimoto ya apolisi. Masiku a m'pasipoti anatha kale. Zimenezo tisiye.

Chachikulu ndi ichi. Kumtunda kwa msewu kuli madala wina wa ku Mozambique amene amawotcha nkhuku ya piripiri pa mgolo wodula pakati. Nditamuonetsa chithunzi anapukuta manja, n'kuchitengera powala. Anati ameneyu ndi munthu wa nyemba zakuda uja, ankabwera kudzapempha makala. Ndinafunsa kuti ali kuti tsopano. Madalayo anatembenuza nkhuku imene inali itatembenuzidwa kale, n'kuti ndikafunse kumalo omwera mowa a pafupi ndi maloboti. Atatero anandikulungira ntchafu ina n'kukana ndalama. Kuno kulibe munthu wopatsa mnzake chinthu chaulere, ndiye ntchafu imeneyo inandivuta kumeza.

Za alamu a Patricia, akazi a achimwene, ndamva. Ngati bambo wa ku Namitambo uja akufunadi banja, sindingamunene zoipa. Zaka zitatu mkazi ali yekha ndi ana, amuna ake osadziwika kuti ali moyo kapena ayi, si zamasewera. Koma ankhoswe sangawamasule pamene phukusi likutengedwa. Muwauze apirire pang'ono, ndayandikira.

Limbikani


25 Meyi 2025

Amake Hannah,

Moni nonse kumeneko. Kuno kwayamba kuzizira kolowa m'mafupa, kwa Chiradzulu kuja n'kwa ana. Bulangete limene mwapatsira a Geoffrey landipulumutsa.

Ndachedwa kulemba chifukwa masabata atatu ndinkafika pakhomo pa malo omwera aja n'kubwerera. Lamulungu latha ndinalowa. Musayambe kukwinya nkhope, unali usana ndipo ndinamwa chozizira chabe. M'katimo muli mdima ngakhale dzuwa lili paliwombo, fungo la mowa ndi nyama yowotcha, wailesi ya mpira ikukuwa. Amagulitsanso timiyendo ta nkhuku ndi mitu yake, anthu kumakukuta ngati mtedza.

Ndinapita pa tebulo la abambo anayi amene amaoneka kuti ndi eni malo. Nditaika chithunzi pa tebulo kuseka kunatha. Mmodzi anati uyu ndi Sipho. Ndinati ayi, ndi Gregorio, mkulu wanga bere limodzi. Anayang'anizana. Kenako wamkulu pa onsewo, wa chipewa cha ubweya, anapendeketsa botolo lake n'kuthira mowa pang'ono pansi. Sanandiyang'ane. Ndinafunsa tanthauzo lake ngakhale ndikulidziwa, iye n'kuti dzanja langoterereka.

Dzina la Sipho lisakudabwitseni. Ambiri kuno amagula mapepala a dzina lina kuti apeze ntchito. N'kutheka kuti n'chifukwa chake Amalawi anzathu amene ndinkawafunsa za Gregorio wa ku Ndunde ankangopukusa mitu.

Ndikutuluka, wa chipewa uja ananditsatira mpaka pakhomo. Anati kuseri kwa okonza matayala kuli galaja ya buluu, kumaphika mayi wina dzina lake Thandie, ndikadye kumeneko. Anawonjeza kuti ndikapite ndi ulemu.

Sindinapitebe. Ndikuopa, ndinene poyera. Sabata yonseyi ndikuona achimwene paliponse. Lachitatu ndinatsatira bambo wina kuchokera pokwerera mabasi mpaka pa sitolo ya nsapato chifukwa cha kayendedwe kake, phewa limodzi lotsika lija. Atatembenuka anali munthu wachilendo, ndipo anagwira chikwama chake mwamphamvu.

Amayi mungowauza kuti ndapeza anthu owadziwa. Za mowa wothira pansi zikhale zanu.

Limbikani


29 Juni 2025

Amake Hannah,

Ndili moyo. Ndikhulupirira nanunso muli bwino.

Ndapita ku galaja kuja lero. Ndi malo aang'ono, matebulo atatu, miphika ili pa gasi. A Thandie ndi mayi wa zaka ngati fote, wa konkuno, wosayankhulayankhula. Lero anaphika matumbo ndi chifu cha ng'ombe, kuno amati mogodu. Sindinatulutse chithunzi. Ndinangokhala pakona ngati wofuna kudya.

Ndiwo zitapsa sanagawe. Anaimirira pamaso pa anthu tonse, anatenga sipuni, anadya katatu, anavundikira mphika n'kuyang'ana wotchi ya pakhoma. Anthu anangokhala phee ngati n'zozolowereka. Mnyamata wa ku Zimbabwe amene ndinakhala naye anandinong'oneza kuti pano sitifulumira, mayiwa amayamba okha kulawa ndipo timadikira, ngakhale ataphika kabichi.

Inu munakwatiwa m'banja lathu, mukudziwa. Kalongonda akapanda kupsa amazunguza mutu, ndiye lamulo la amayi ndi lakuti madzi atayidwe kasanu ndi kawiri, kamwala kamodzi kusunthidwa pa fuwa nthawi iliyonse, ndipo wophika ayambe yekha kudya ataimirira, katatu, ena adikire nthawi yopita ku mjigo ndi kubwera. Ku Ndunde konse amene amachita zimenezi ndi amayi okha. Mayi wa ku Joni anazitenga kuti?

Ndinakweza maso. Pamwamba pa kabati panali maphukusi awiri osamasula, omangidwa ndi chitenje cha buluu cha amayi a ku tchalitchi. Mfundo zake ndi za amayi, zokhota kawiri zija. Pawindo panali tizitsekerero ta mabotolo, tinayi mbali ino, titatu mbali inayo, tonse fumbi lokhalokha.

Ndinatulutsa foni pansi pa tebulo n'kuimba nambala ya achimwene. Inalira m'dirowa, pafupi ndi masipuni.

A Thandie sanapite ku dirowako. Anayang'ana anthu mmodzi mmodzi mpaka anafika pa ine. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati m'Chinyanja chopotoka, "Limbikani. Mwachedwa."

Zina ndilemba mutu ukakhala pansi. Amayi musawauze kanthu.

L.


6 Julayi 2025

Amake Hannah,

Muwerenge muli nokha, mutakhala pansi. Mwanayo apite kaye kwa anzake.

Achimwene anamwalira pa 21 Ogasiti 2022, Lamulungu masana. Anaikidwa konkuno ndi dzina la Sipho lija. Dzulo a Thandie ananditengera kumandako. Kulibe mtanda, kuli kachitsulo ka nambala. Ndinagwada, ndinapemphera, ndinawauza kuti ana akula. Ndalira, amake Hannah, ndalira ngati mwana.

Ankakhala ndi a Thandie ngati banja, zimenezo mwadziwa kale nokha. Mmene zinayendera ndi umu. Phukusi la amayi litafika chaka chimenecho, achimwene anasangalala kwambiri. Anaitana anzawo asanu kuti Lamulungu adzalawe chakudya cha Alomwe, chimene ankawanyadira nacho chaka chonse. Anayamba kuphika Loweruka pa sitovu ya magetsi. Nyengo imeneyo magetsi kuno ankazima tsiku ndi tsiku. Anazima Loweruka, anazimanso Lamulungu m'mawa. Alendo akufika, madzi anali atatayidwa kanayi kokha.

A Thandie anawapempha kuti angogula nkhuku kwa madala uja. Achimwene anakana, akuti anthu asabwerere osalawa, dzina la kwathu lingachite manyazi, ndipo madzi ayera kale. Anaimirira n'kudya katatu. Kenako anati akukoma ngati kwa amayi, n'kudzaza kapu yonse, kudya ataima pomwepo. Anthu atatambasula mbale anawaletsa. Anati kwathu wophika akayamba, ena amadikira, n'kuloza wotchi.

Ali m'kati modikira anayamba kutuluka thukuta, kusanza, kenako kuseka. Anayamba kuyankhula chinenero chimene a Thandie anali asanachimvepo. Atanditchulira mawu awiri amene anagwira, ndinapeza kuti ndi Chilomwe cha agogo, chimene achimwene ankati anaiwala. Analoza kugeti n'kuti amayi afika, asenza katundu, ndikawalandire. Amuna asanu analephera kuwagwira. Anathamangira mumsewu waukulu manja ali motambasula, minibasi ikubwera.

A Thandie anaopa kutiuza. Anati tidzanena kuti mkazi wa ku Joni anamudyetsa mankhwala mwamuna wa eni. Foni amaitchaja mpaka lero. Uthenga wa a Geoffrey ukalowa amatuma wa njinga, chifukwa akuti sakanapirira kuti phukusi la mayi wa munthu libwerere. Kumasula amaopa, kutaya amaopa. Ndinafuna kuwakwiyira, mkwiyo wake osabwera.

Tsopano mverani bwino. Mupite ndi amalume kwa amayi, kenako kwa alamu a Patricia ndi ankhoswe. Munene kuti achimwene anagundidwa ndi minibasi pa tsiku ndalembalo, ndipo manda ndawaona. Si bodza. Za kalongonda musatchule ngakhale kwa amalume. Amayi analima okha, anakolola okha, anamanga okha phukusi lija. Akadziwa, tiika maliro awiri.

Muwauzenso kuti chaka chino asatumize kanthu. Munene kuti pa chipata cha Mwanza akuletsa nyemba.

Ndalama ya chakudya cha pa maliro ili ndi a Geoffrey.

Limbikani


10 Ogasiti 2025

Amake Hannah,

Zikomo chifukwa cha zonse mwachita. Ndamva kuti anthu anabwera ambiri pa Misa, ndi kuti alamu amasulidwa mwamtendere. Mwandisenzera katundu amene anali wanga. Ine thupi lili bwino, chakudya chokha n'chimene sichikulowa.

Koma phukusi lafika. Ndinati asatumize! A Geoffrey anandipatsa m'manja Lachinayi, chitenje cha buluu chomwe chija, mfundo zomwe zija. Akuti amayi anafika nalo okha pa Njuli, pa njinga ya kabaza, ndi miyendo yawo yotupayo. Atawauza za ku Mwanza anangoti zaka zonsezi nyemba zimadutsa, ziletsedwa lero? Anati amene wakhala akutenga uja atengenso.

Pakona pa chitenjecho anamangapo kanthu kolimba. Nditamasula ndinapeza timiyala tisanu ndi tiwiri, takuda ndi utsi. Ndi ta pa fuwa la amayi, ndimatidziwa kuyambira ndili mwana.

Ndiye funso lija mwalemba kumapeto kwa kalata yanu. Mukuti pa maliro ponse amayi sanafunse za minibasi, sanafunse za manda, koma anthu atabalalika anakuitanirani kuseri n'kuti, "Umufunse Limbikani, madzi anataya kangati?"

Poyamba ndinakupserani mtima, ndinayesa mwaulula. Pepani. Wolakwa ndine, ndi tsiku lija ndinalemba. Amayi sanapite kusukulu koma masiku amawerenga. Akudziwa kuti phukusi la chaka chimenecho linanyamuka pa 10 Ogasiti, akudziwa masiku amene a Geoffrey amakhala pamsewu, ndipo akumudziwa mwana wawo kuti kalongonda sangamusunge kupitirira Lamulungu loyamba.

Muwauze kuti sindikudziwa. Muwauze kuti kunalibe wowerenga. Kaya muwauze chiyani, ine mutu waima.

Limbikani


24 Ogasiti 2025

Amake Hannah,

Ngati simunawayankhe amayi, mwachita bwino. Ngati munawauza kuti sindikudziwa, mupitenso.

Taphika. Maphukusi awiri akale aja anali atafumbwa, tinakawakwirira kuseri kwa galaja. La chaka chino tinaliyamba dzulo m'mawa, pa nkhuni zimene madala wa nkhuku anatipatsa, pabwalo, mu mphika waukulu wa mogodu. Tinasenda makoko awiriwiri, ine ndi a Thandie, zala mpaka kuda. Madzi oyamba anali bii ngati a m'chithaphwi. Ndikataya madzi, iwo amasuntha kamwala kamodzi. Titafika pa kachinayi anakhala pansi n'kuphimba nkhope ndi epuloni. Kachisanu ndinasuntha ndekha. Kachisanu ndi chimodzi anadzuka n'kusuntha okha.

Lero masana anabwera onse asanu amene anaitanidwa tsiku lija. Wa chipewa cha ubweya uja ndi mmodzi wa iwo. Wina anachokera kutali, ku Pretoria, ndi mkazi wake ndi khanda lobadwa chaka chatha. Wina ali ndi ana anayi kwawo ku Zimbabwe, anandionetsa zithunzi. Anakhala pa matebulo atatu aja, mbale zili patsogolo.

A Thandie anatenga sipuni, ine ndinawalanda. Ndinaimirira, ndinadya katatu, ndinavundikira. Kenako ndinayang'ana wotchi, koma m'mutu ndinali kuyenda njira ya ku mjigo kwathu, kudutsa pa mango, pa dimba la amalume, kupopa, kusenza, kubwerera. Maso anga ankangothawira kugeti. Kunalibe munthu. Nditafika pakhomo pa amayi ndi ndowa yanga ndinati tiyeni tidye, ndipo anadya mpaka kukokota mphika. Wa chipewa uja anati Sipho sananame. Ndinamuuza kuti dzina lake ndi Gregorio, ndipo onse analitchula, aliyense m'kamwa mwake.

Ndaganiza usana wonse. Amayi sanafunse chifukwa sakudziwa. Akufuna amve kwa mwana amene watsala. Ndikawanamiza, akhala nazo okha mpaka kufa.

Mupite ku Ndunde tsiku lomwe mulandire kalatayi. Mukhale nawo pamkeka, muwagwire dzanja, muwawerengere mawu awa monga ndalembera.

Amayi, madzi anataya kanayi. Magetsi anazima, nyemba zanu zinalibe vuto. Koma anayamba ndi iye kudya, ataimirira, ndipo ena onse anawaletsa mpaka nthawi ikwane, monga munatiphunzitsira. Pa tebulo paja panali anthu asanu ndi mmodzi. Onse ali moyo, amayi. Ndadya nawo lero.

Limbikani